Likongwe ndi Mapira Opanda Mwini

Padangokhala, ndipo inu mukhale nane mpaka ndimalize, kalelo nyama zikadali ndi mafumu ndi nduna zawo, padali mudzi m'mbali mwa mtsinje waukulu. Mfumu yake idali Njati, munthu wofatsa, woti mlandu ukavuta ankangoti tiyeni tigonepo kaye. Pamtsinjepo padali dooko limodzi lokha losaya, pomwe ngakhale mbewa inkawoloka madzi akulekeza m'chiuno. Kumunsi kwa dookolo kudali dziwe lakuya, kwa Ng'ona.

M'mudzimo munkakhala Likongwe, mkamwini wa kubanja la a Msulu, kamunthu kakang'ono koma kakuthwa pakamwa. Onse ankadziwa kuti kwawo n'kumtunda, poti ndi mmene iye adawauzira. Koma zoona zake n'zakuti adachokera tsidya lina, ndipo adawoloka pa dooko lomwelo ali mnyamata, khasu limodzi paphewa. Kumeneko adasiya mlongo wake, Nangondo, mayi wamasiye wa ana atatu. Mwini mbumba wa anawo, woyenera kuwaimira pa chilichonse, adali Likongwe yemweyo.

Chaka china mvula idakana tsidya lija, ndipo nyama zidayamba kuwoloka. Zina zinkafika mwaulemu n'kupempha ganyu. Zina njala idazichotsa manyazi. Nguluwe za tsidya zidakumba chinangwa chonse cha Nungu tsiku limodzi, munda womwe mkuluyo adaulima zaka ziwiri. Madandaulo adalipo, ndipo sadali abodza.

Ndiye tsiku lina masana, Likongwe akusema mpini wa apongozi ake, padafika Ng'azi atasenza dengu la mapira. Adalitula, adapereka moni, kenaka adayamba kumuseka kuti pakamwa ngati pamenepo pakungowonongeka ndi kuyankha kuti wawa kwa apongozi. Adati mudzi ukulira koma ulibe woulirira, ndipo ngati Likongwe atasonkhanitsa anthu kuti akapemphe mfumu kutseka dooko, mapira ofululira mowa wa pamisonkhano sadzasowa.

"Achokera kuti mapirawa?" adafunsa Likongwe.

"Kwa wina wokonda mudzi uno."

"Alibe dzina?"

"Ali nalo, achimwene. Koma sakonda kutchuka."

Likongwe adatapa mapirawo n'kuwanunkhiza. Ankanunkha matope a m'dziwe. Iye ankadziwanso, monga aliyense ankadziwira koma osakumbukira, kuti Ng'azi ndi muphwa wa Ng'ona, mwana wa mlongo wake. Ndipo nzeru zake zidamuuza pomwepo kuti wanjala ukamutsekera posaya saleka kuwoloka, amangosintha powolokera. Musaganize kuti adapusitsidwa, ayi. Adadziwa. Adangoyang'ana mpini womwe ankasemawo, adayang'ana dengu, n'kuuza mkazi wake kuti aviike chimera.

Umu ndi mmene lidabadwira Bungwe la Eni Nthaka. Wapampando adali Likongwe, msungichuma adali Ng'azi, ndipo Nungu, poti ndiye adalira kwambiri, adamuika kukhala mkulu wa mwambo. Likongwe adapekanso nyimbo. Iye ankatsogolera pofunsa kuti nthaka ino ndi ya yani, anthu n'kuyankha akuponda pansi kawiri. Kenaka ankaimba za mlendo amene makolo adati ndi mame, koma mame a chaka chino akana kukamuka ngakhale dzuwa lafika paliwombo. Idali nyimbo yokoma, yosavuta kugwira, moti ndi ana omwe ankaiimba potunga madzi.

Tsono m'mudzimo mudali mwambo umene sunkadumphidwa. Munthu sankadya kapena kumwa cha mnzake asanathokoze mwini wake pomutchula mfunda, akuwomba m'manja. Akuluakulu ankati chakudya chosathokozedwa chimasanduka mwala m'mimba. Choncho pamsonkhano woyamba, mowa utatulidwa, Nungu adaimirira, minga yake ili gwedegwede, n'kufunsa kuti, "A wapampando, tithokoze yani?"

Likongwe sadaphethire n'komwe. Adafunsa anthu kuti kodi mapira amamera ndi chiyani. Adayankha kuti ndi mvula. Ndiye adati athokoze mvula, poti ndiyo mwini mapira onse a padziko. Nyama zidaseka, zidayang'ana kumwamba n'kuwomba m'manja. Nungu adang'ung'udza kuti chibadwire sadaonepo mvula ikupuntha mapira n'kuwaika m'dengu, koma mawu ake adamira m'phokoso, ndipo nayenso adamwa.

Zitakhuta, nyama zidapita kwa Njati zikuimba nyimbo ija. Mfumu idafuna kuti igonepo kaye, koma idaona kuchuluka kwa mapazi. Idalamula kuti wochokera tsidya azigona masiku atatu okha, lachinayi abwerere.

Mawa lake padafika Njiwa, amene ankanyamula mauthenga pakati pa matsidya awiriwo. Adamupeza Likongwe ali yekha kuseri kwa nkhokwe, n'kumuuza kuti Nangondo akuti chakudya chatha, ana akudya mizu, kodi abwere? Likongwe adati Njiwa akamuuze kuti adikire pang'ono, zinthu sizili bwino kuno, ndipo adamupatsa kathumba ka mapira omwe aja kuti akapereke. Kenaka adafunafuna Ng'azi n'kumunong'oneza kuti akauze malume ake kuti ngati tsiku lina padzafika likongwe wamkazi ndi ana atatu, ameneyo amusiye adutse.

"Malume anga alowamo bwanji m'nkhani ya bungwe?" adatero Ng'azi, akutulutsa lilime lake lamphanda. "Chabwino, ndamva."

Likongwe adabwerera mtima uli m'malo. Ankadziona ngati wochenjera woti wamanga mbali zonse ziwiri.

Mwezi utatha, chakudya cha bungwe chidachuluka, ndiponso chidasintha. Tsopano Ng'azi sankabwera ndi dengu limodzi. Ankabwera ndi maphukusi ambirimbiri, ena a mtedza, ena a nyemba, ena a mchere, ndipo lililonse lidali ndi mamangidwe akeake. Masamba okulungirawo ankakhala onyowa. Likongwe ankamasula yekha, kutaya luzi kudzala, chakudya n'kuchithira m'malichero kuti chioneke ngati chochokera m'nkhokwe imodzi.

Koma Nungu adaona. Pamsonkhano wachiwiri adaimirira n'kunena kuti iye wayendapo maulendo, ndipo timaphukusi totere amamanga ndi anthu apaulendo, oti akadye m'njira. Kodi wokonda mudzi uja n'chifukwa chiyani akutumiza chakudya ngati phoso la alendo? Ndipo lero tithokoze yani, poti mvula siimanga mfundo?

Likongwe adayamikira funsolo, n'kunena kuti bungwe likanakhala ndi anthu khumi ngati a Nungu bwenzi dooko litatsekedwa kalekale. Adati maphukusi achuluka chifukwa abwenzi a bungwe achuluka, aliyense akupereka kochepa kake, ena a mudzi uno, ena a midzi yoyandikana, ndipo onse ndi amanyazi. Tsono kuti mwambo usaphwanyidwe, atchule mifunda yonse imene ilipo, umodzi umodzi, ndipo woperekayo sangalephere kugweramo. Nyama zidayamba. Zidatchula mifunda, zikuwomba m'manja, mpaka zikhato zidatentha ndipo nyemba zidazizira. Pomaliza palibe amene adafunanso kumva za kuthokoza. Nungu adakhala pansi. Adadya pang'ono, nkhope ili kumbali.

Nyama zidapitanso kwa Njati ndi nyimbo ija, ulendo uno zikuponda mwamphamvu moti fumbi lidakwera. Mfumu idalamula kuti pa dooko pakhale alonda, ndipo wa tsidya asawoloke pokhapokha ali ndi mbale kuno woti aimirire pabwalo n'kunena kuti uyu ndi wanga. Kenaka, pofuna kuchita chilungamo, idafunsa kuti amene ali ndi abale tsidya anene tsopano, alonda adziwiretu.

Adalipo ambiri amene adali ndi azakhali ndi asuweni kumeneko, koma ndani akadayamba? Njiwa, ali panthambi, adayang'ana Likongwe. Likongwe adayang'ana chala chake cha kuphazi ngati mwalowa thekenya.

Padapita masiku. Njiwa adabweranso n'kunena kuti mwana wamng'ono wa Nangondo watupa mapazi. Likongwe adalonjeza kuti mawa atumiza ufa. Mawa lake adatanganidwa ndi kupeka ndime yatsopano ya nyimbo, ndipo mkuja wake adaiwala.

Tsiku lina dzuwa litapendeka, Likongwe ali pampando pakati pa akuluakulu a bungwe, padafika Nyani, mkulu wa alonda. Adagwada n'kunena kuti pa dooko pali mayi, likongwe, ndi ana atatu, wina ali kumsana. Akuti mlongo wake ali m'mudzi muno, ndipo akutchula dzina la a wapampando.

Maso onse adatembenukira kwa Likongwe. Apongozi ake adali pomwepo. Ng'azi adali pomwepo.

"Alikongwe ndife ambiri, a Nyani," adatero. "Wanga mlongo ali kumtunda."

Akuluakulu adaseka, wina n'kunena kuti anthu a tsidya afika pomadziphatika kwa wapampando weniweni. Likongwe nayenso adaseka. Mumtima ankadziuza kuti m'mawa, alonda asanafike, apita yekha akamuwolotse mwakachetechete, akamubise kumunda mpaka zinthu zitazizira. Amene adachitapo zotere amadziwa kuti mtima susowa mawu odzitonthozera.

M'mawa adapitadi. Tsidya adangoona phulusa la moto ndi timapazi ta ana pamchenga, tolunjika kumunsi. Adadziuza kuti mwina abwerera kwawo podzera njira ina. Adadziuzanso kuti ngakhale apite kudziwe, uthenga adatumiza kale.

Patapita masiku awiri Ng'azi adabweretsa maphukusi a msonkhano wachitatu, waukulu, wokapempha kuti dooko litsekedwe ndi minga. Likongwe adakhala pansi n'kuyamba kumasula monga mwa masiku onse. Phukusi lachisanu lidamuvuta. Mfundo yake idali yopinda kawiri n'kubisa nsonga mkati, yoti wosaidziwa amangodula luzi. Zala zake zidaimasula zokha, iye asanaganize, chifukwa mayi ake ndiwo adawaphunzitsa, iye ndi Nangondo. Mkatimo simudali chakudya. Mudali mbewu ya mapira ofiira, yosakaniza ndi phulusa kuti anankafumbwe asailowe. Ana ankadya mizu, koma mbewu Nangondo sadaikhudze. Ankabwera kuti mlongo wake akamupemphere kamunda.

Likongwe adamanganso phukusilo, adalinyamula, n'kutsetsereka kudziwe dzuwa lili pamutu. Adamupeza Ng'ona akuwothera dzuwa, kukamwa kuli yasa.

"Ndidatumiza uthenga," adatero Likongwe. "Mayi wa ana atatu."

"Udafika."

"Nanga bwanji?"

"Ndidamufunsa, mwana wanga. Ine ndine wosunga pangano. Ndidati, kodi ndiwe mlongo wa wapampando? Iye adati, ndidali ndi mlongo, koma dzulo wanena kuti sandidziwa. Ndiye ine ndikadatsutsa wapampando?"

Likongwe adangofunsa kuti mayiyo adafika bwanji kudziwe, mlendo wosadziwa njira. Ng'ona adati adawatsogolera ndi Katumbu, wa bungwe la tsidya lija lothandiza anjala kuwoloka mozemba alonda. Ankawauza kuti kumunsi kuli njira ya miyala.

"Nalonso bungwe limenelo limadya kwa ine," adatero Ng'ona, akutseka diso limodzi. "Inu mumatseka, iwo amatsegula. Ine ndimangokhala pano. Pita, anthu ako akudikira mowa."

Msonkhano wachitatu udali waukulu kuposa yonse. Mowa utatulidwa, Nungu adaimirira pang'onopang'ono. Adati lero sakufuna mvula, sakufuna mifunda ya dziko lonse, akufuna dzina limodzi, apo ayi chikho chake achivundikira. Anthu adayamba kale kumwetulira, kudikira kuti aone mmene wapampando amugwetsere ulendo uno.

Likongwe adatsika pampando. Adagwada pakati pa bwalo, adaika phukusi lija patsogolo pake, adatembenukira kumunsi kwa mtsinje, n'kuwomba m'manja katatu.

"Zikomo a Ng'ona, eni dziwe," adatero. "Zikomo chifukwa cha mapira oyamba aja. Zikomonso inu amene mudamanga mtedza ndi nyemba ndi mchere kuti mukadye m'njira, ife n'kukudyerani. Maina anu sindiwadziwa. Ndikudziwa limodzi. Zikomo Nangondo, mwana wa mayi anga."

Kenaka adaulula zonse, osabisa kanthu ndiponso osadzichepetsera mlandu. Adati adadziwa kuyambira dengu loyamba. Adati msungichuma wawo ndi muphwa wa Ng'ona, ndipo Katumbu wa tsidya amadya m'mbale yomweyo. Adati kwawo si kumtunda, adawoloka pa dooko lomwelo, ndipo mayi amene adamukana pamaso pawo adayamwa naye bere limodzi. Adapempha kuti apite onse kwa mfumu, osati kukatseka, koma kukachotsa alonda.

Nyama zina zidalavula. Gwape adathamangira kuseri kukasanza. Kwa kanthawi zidaoneka ngati choonadi chagwira. Koma Ng'azi adakwera pachitsa, wodekha ngati palibe chachitika. Sadakane kuti Ng'ona ndi malume ake. Adangofunsa kuti ndani pano adasankha yekha malume. Kenaka adati, "Mwamva nokha, abale anga. Munthu wa tsidya wakhala pakati pathu zaka zonsezi, watinamiza za kwawo, watidyetsa zonyansa, wakwera mpaka pampando wathu. Ngati mmodzi wachita zimenezi, nanga akawoloka zana?"

Munthu amene wadya chonyansa amafuna msanga woti amuloze chala, ndipo Likongwe adali pafupi, atagwada kale. Phokoso lidabuka. Apongozi ake adalengeza pomwepo kuti mphasa yake aipeza panja. Wina adayambitsa nyimbo ija, popanda mwini wake, ndipo idayenda bwinobwino.

Nungu yekha ndiye adavundikira chikho chake. Podutsa pafupi ndi Likongwe adaima.

"Chinangwa changa sadakumbe ndi Ng'ona," adatero. "Chimenecho ndikadalira nacho, ndipo sindikuchibweza. Koma ine ndimafuna mpanda pamunda wanga, osati maliro. Ukadanena tsiku loyamba lija, mwana iwe, pamene ndidakufunsa." Adapita kwawo, ndipo sadapondenso pamsonkhano wa bungwe.

Otsalawo adapita kwa Njati. Mfumu idamva zonse, za Ng'ona ndi za maphukusi zomwe, ndipo idati nkhani yotere ndi yofunika kugonapo. Koma mapazi adali ambiri. Dzuwa lisanalowe dooko lidatsekedwa ndi minga ya mthethe, mulu wotalika kuposa msana wa mfumu yomwe. Alonda adabwerera kumudzi, poti minga siifuna malipiro. Wapampando watsopano adasankhidwa. Msungichuma sadasinthe.

Likongwe sadapite kumtunda kapena kwina kulikonse. Adakumba una pafupi ndi dooko, adadzala mapira ofiira aja pambali pake, ndipo adayamba kuzula minga ndi mano, umodzi umodzi. Kamunthu kakang'ono, mulu waukulu. Milomo idang'ambika, mapazi adatupa. Mwezi utatha adaboola kanjira pansi pa mulu, kokwanira nyama yaing'ono kukwawa ndi mwana kumsana.

Tsiku lomwe adaboolalo, tsidya kudafika Mbira ndi ana ake awiri, phukusi lili pamutu. Pambali pake padali Katumbu, akumulozera kumunsi. Likongwe adatulukira pa kanjira kaja, adaima ndi miyendo iwiri, n'kuitana ndi mphamvu zake zonse kuti mayi, musapite uko, kuli Ng'ona, njira ili pano, madzi ndi a m'chiuno, bwerani ndikugwireni dzanja.

Mbira adaima, adatchera khutu. Adayang'ana kabowo, adayang'ana ana ake. Katumbu sadatsutse kanthu, adangomufunsa ngati mawuwo sakuwazindikira.

"Ndawazindikira," adatero Mbira. "Mphepo inkatibweretsera tsidya lino. Ndi uja ankatsogolera nyimbo."

Adakoka ana ake n'kutsatira Katumbu.

Likongwe adathamanga m'mbali mwa mtsinje, kufanana nawo, akuitana, akulumbira, akutchula dzina la mlongo wake kuti mwina amukhulupirira. Adaitana mpaka mawu adasasa, adaitanabe mpaka adatheratu. Pofika pamene dziwe limayambira ankangotsegula pakamwa, osatuluka kanthu, ndipo Mbira sadacheuke.

N'chifukwa chake mpaka lero mukakumana ndi likongwe, amaima ndi miyendo iwiri n'kukuyang'anitsitsani ngati ali ndi mawu oti akuuzeni, kenaka amadula njira patsogolo panu osanena kanthu. Ena amati ndi malodza. Mukadzamuona, imani kaye, muganize za kumene mukupita.

Nthano yanga yathera pamenepa. Ndaisenza nthawi yaitali, ndipo ndaitula pamaso panu.